Lipenga la Ada Mphande Lilowa m'Kiyibodi

1. Mphatso ya ku Joni

Kiyibodi ija inafika ku Nkhata Bay itakulungidwa m'mabulangete awiri ngati khanda. Anaitumiza ndi mkulu wina wa mpingo amene amagwira ntchito ku Joni, ndipo m'kalata yake analemba kuti ndi ya achinyamata a kwaya. Akuluakulu anaizungulira, nawerenga mabatani ake mpaka kutopa, kenaka anaitsekera m'kabati ya mu holo ya tchalitchi. Inagona m'menemo miyezi itatu, chifukwa aliyense ankaopa kukhala woyamba kuiononga.

Amene anaitulutsa anali Millicent Kachingwe, mtsikana wa Fomu 3. Kwawo kunali ku Dedza, ndipo anabwera kuno bambo ake atawasamutsira ku maofesi a boma. Chitonga ankangodziwapo moni ndi kuthokoza. Koma pa kiyibodi panalibe womuposa. Anawerenga kabuku kake tsamba ndi tsamba, mpaka anatulukira chimene ena onse sankachidziwa: makinawo ankatha kujambula mawu.

Ukalumikiza maikolofoni n'kudina batani lofiira, kiyibodi inkasunga chilichonse chimene yamva. Kaya ndi kuwomba m'manja, kaya ndi kulira kwa belu, mawuwo ankakhala pa makiyi, ndipo ukadina ankamveka ngati chida choimbira. Kachidutswa ka mawu koteroko amakatchula sampulo.

Loweruka la sabata imeneyo kunali mpikisano wa nyimbo wa sukulu za sekondale. Mphotho yake inali chikho ndi kupita ku Mzuzu kukajambulitsa nyimbo mu situdiyo yeniyeni. Millicent ankaliza kiyibodi, ndipo mnzake wa m'kalasi, Thumbiko Jere, ankaimba. Thumbiko anali ndi mawu okoma. Vuto linali lakuti mwini wakeyo ankazidziwa.

"Nyimbo yathu ili ngati ndiwo zopanda mchere," anatero Thumbiko Lamulungu masana atatha kuyeserera. "Magulu onse adzabwera ndi ng'oma za m'makina zomwezi. Tiikemo lipenga, oweruza akangomva adziwe kuti nyimboyi ndi ya kuno."

Malipenga ndi gule wa amuna, wovina atavala zoyera ngati asilikali. Gulu lililonse limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi kingi wake. Lipengalo ndi mphonda youma, yaitali, yoboola. Katswiri wa lipenga m'tauni yonse anali Ada Henderson Mphande, telala wa pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Kuno Ada ndi mawu aulemu oitanira bambo.

"Ndikawapempha," anatero Millicent.

"Ukapempha akana. Anakaniza anthu a makamera akuluakulu, ndiye iwe ndiwe ndani? Masana aliwonse amayesa malipenga amene akukonza. Pita ndi siketi yong'ambika, foni m'thumba, basi. Mawu akatuluka pakamwa ndi a mphepo."

Millicent anadziwa kuti nzeru imeneyi inali yokhota. Koma ku Mzuzu ankakufunanso kwambiri.

2. Siketi yong'ambika

Lolemba ataweruka kusukulu anatsikira kumsika. Anapeza Ada Mphande akusoka makabudula oyera a boma lawo, magalasi ali pansonga ya mphuno. Pamsomali pakhoma panapachikidwa malipenga atatu.

"Mwatandala uli, Ada?" anatero Millicent atagwada.

"Ndatandala umampha, mwana wa ku Dedza," anayankha nkhalambayo, kenaka anasinthira ku Chichewa kuti amupeputsire katundu. Millicent atawapatsa siketi ija n'kunena kuti inakodwa pamsomali, anaitembenuza uku ndi uku. "Msomali wa kusukulu kwanu ndi waudongo. Umang'amba mowongoka ngati lumo."

Millicent anayang'ana pansi. Dzanja lake linali m'thumba la bulauzi, ndipo chala chinali chitadina kale.

Asanayambe kusoka, Ada Mphande anatsitsa lipenga limodzi. Pakabowo kake anali atamatapo kachikopa kopyapyala kamene kangaude amaphimbira mazira ake pakhoma. "Anyamata a lero amamata pepala la pulasitiki," anatero, "ndiye limalira ngati ntchentche ya m'botolo." Anaika lipengalo pakamwa.

Mawu amene anatuluka anali onenepa, onjenjemera, moti amayi ogulitsa chinangwa patsidya pa msewu anasiya kukangana. Sanakhalitse. Chifuwa chinawagwira Ada Mphande, ndipo anatsokomola mpaka misozi.

"Ada, kodi lipenga lanu munalijambulitsapo?" anafunsa Millicent chifuwa chitaleka.

Nkhalamba ija inavula magalasi.

"Chaka china, iwe usanabadwe, kunabwera munthu pa sitima ali ndi makina m'chikwama. Anali waulemu, anadya nafe, anagona kwa mkulu wanga. Tinamuvinira tsiku lonse dzuwa likuswa mtengo. Patapita chaka, ndikusoka pompano, ndinamva pa wailesi lipenga langa likuitanira anthu kukagula sopo. Dzina langa panalibe, la boma lathu panalibe. Pamsika pano anayamba kunditchula Ada Sopo, ndipo mayi a kunyumba analira chifukwa cha dzina limenelo. Tsono tamvera, mwana wanga. Anthu amayesa lipenga lili ngati wezulo, kuti ukauzira limalira lokha. Tauzira uone."

Millicent anapukuta lipengalo, nauzira. Munangotuluka mpweya.

"Waona? Mphonda ilibe mawu. Munthu amaimbiramo. Chimene wamva chija ndi kukhosi kwanga, mphondayi imangokuveka malaya. Wotenga kulira kwa lipenga watenga mawu a munthu, ndipo mawu a munthu amapemphedwa, monga umachitira pokapala moto kwa mnansi. Sulowa kukhitchini kwa eni n'kunyamula chikuni eni ake atayang'ana kumbali. Safunsa anadya phula. Iwe ndiwe mlendo waulemu, wandipatsa moni m'chilankhulo changa. Ukadzakula usadzakhale ngati munthu wa pa sitima uja."

Millicent anavomera ndi mutu. Foni m'thumba muja inali ikujambulabe.

3. Khoswe ndi ng'ombe

Lachiwiri masana awiriwo anakumana mu holo. Millicent analumikiza foni ku kiyibodi ndi chingwe, nasamutsa zimene anajambula. Pa kasikirini mawuwo ankaoneka ngati mzere wa mapiri. Anadula kutsogolo kumene kunali phokoso la minibasi, anadula kumbuyo kumene kunayambira chifuwa, natsala ndi kachidutswa ka masekondi awiri. Kachidutswako anakaika pa kiyi yapakati, ndipo makinawo anakagawira okha pa makiyi ena onse.

Millicent atadina kiyi yapakati ija, mawu a Ada Mphande analowa mu holo mwini wake asanabwere. Atayesa nyimbo yonse, mchere uja unapezeka. Thumbiko anavina mpaka kugwetsa benchi.

"Ku Mzuzu tafika kale," anatero. "Tapatuka ndione nanenso."

Anadina kiyi ya kumapeto kumanja. Lipenga lija linalira ngati khoswe wapanidwa pachitseko. Anadina ya kumapeto kumanzere, ndipo linabuula ngati ng'ombe yodwala. Umu ndi mmene makinawa amachitira ukawapatsa sampulo imodzi yokha: kuti mawu akwere amaithamangitsa, kuti atsike amaikoka. Ana a kwaya amene ankalowa nthawi imeneyo anagwa nako kuseka, ndipo Thumbiko, poona kuti wapeza omuonerera, anabwereza kambirimbiri.

Millicent anavala mahedifoni nabwerera pa foni kuti afune kachidutswa kena koyera bwino. M'malo mwake anakumana ndi mawu amene sanafune kuwamvanso. M'mahedifoni munthu amalankhula ngati waika pakamwa pakhutu pako. *Ukadzakula usadzakhale ngati munthu wa pa sitima uja.* Kunja kwa mahedifoniwo khoswe anali akulirabe, ana akusekabe.

Manyazi anamugwira mpaka kumutentha kumaso. Anavula mahedifoni nazimitsa kiyibodi.

"Ndikawauza," anatero ana aja atatuluka.

"Wapenga? Ukawauza adzati fufuta. Ukafufuta, nyimbo yafa. Tidikire Loweruka lidutse, kenaka ukawauze ndi chikho m'manja. Adzakondwa."

"Loweruka holo idzadzaza ndi anthu a kuno. Lipenga lawo amalidziwa. Akangolimva, dzina lija libwerera pamsika."

"Ndiye iwe wasankha nkhalamba, ine wanditaya?"

Kunena zoona, kulimba mtima kwa Millicent sikunabwere tsiku limodzi. Lachitatu anadutsa pamsika kawiri, ndipo kawiri konse anapatukira kwa ogulitsa kaunjika n'kumagwiragwira malaya amene sankawafuna. Lachinayi ndi pamene miyendo inamumvera.

4. Batani lofufutira

Anagwada pakhonde paja nafotokoza zonse: lumo, foni, kiyibodi, mpikisano. Za khoswe anazinenanso.

Ada Mphande sanaimitse makina. Anapondabe mpaka msoko unafika kumapeto, nadula ulusi ndi mano.

"Kuti siketi ija siinang'ambike yokha ndinadziwa," anatero. "Ndinayesa wangofuna kumva lipenga koma ukuchita manyazi kunena, ndipo ndinakondwa. Za foni sindinaziganizire."

Mawu amenewa anamupweteka Millicent kuposa kukalipiridwa.

Nkhalamba ija inavundikira makina ake ndi nsalu, inaika zinthu zina m'thumba la chiguduli, n'kudzuka. "Tiye ndikadzimve."

Kukwera mtunda wa kutchalitchi anapuma katatu. Mu holo anapezamo Thumbiko, amene atawaona anaimirira msanga ngati walumidwa ndi linthumbu. Ada Mphande anakhala pampando wa kiyibodi. Millicent anawasonyeza kiyi yapakati, ndipo iwo anadina. Anamvetsera mutu uli chopendekera. Kenaka chala chawo chinayenda chokha mpaka kumapeto kumanja.

Khoswe uja analira. Nthawi ino panalibe woseka.

"Zaka makumi asanu ndakhala ndikuphunzitsa kukhosi uku," anatero Ada Mphande, maso ali pa Thumbiko. "Iwe mnyamata, ndamva kuti umaimba bwino. Mawu ako ukuwanyadira, ndipo sukulakwa. Koma nawenso udzakalamba. Tsiku lina udzapeza ana atenga mawu ako n'kuwasandutsa choseweretsa, ndipo pamenepo udzandikumbukira. Makinawa alibe mlandu. Mpeni womwewo umasenda chinangwa, womwewonso umacheka munthu, zimangotengera dzanja. Chinthu chakuba, ngakhale uchiveke bwanji, ukachinyamula pagulu umangoyang'ana kukhomo kuti mwini wake asalowe. Kodi mphotho yotero mukanaidya ndi mtima uti?" Anatembenukira kwa Millicent. "Fufuta."

"Ada, pepani," anatero Thumbiko. "Tidzalengeza dzina lanu pamaso pa anthu onse."

"Dzina langa pa khoswe?"

Millicent anadina mabatani. Pa kasikirini panabwera funso lakuti kodi watsimikiza, popeza chofufutidwa sichibwerera. Kunatsala masiku awiri, ndipo nyimbo ina analibe. Anadina kuvomera. Anatulutsa foni, nafufutanso m'menemo Ada Mphande akuona. Atadina kiyi yapakati ija, sipanamveke kanthu.

Thumbiko anakhala pa benchi nagwira kumutu. Millicent misozi inamutuluka.

5. Kiyi iliyonse mawu ake

Ada Mphande anawasiya choncho kanthawi. Kenaka anawerama, namasula thumba la chiguduli lija. Munali lipenga.

"Tsopano pempha," anatero.

Millicent anawayang'ana osamvetsa.

"Ndati pempha. Kapena ku Dedza simupempha?"

Mtsikanayo anagwada. "Ada, ndikupempha mawu anu. Ndikufuna ndiwaike m'nyimbo yathu."

"Ndakupatsa. Ukanabwera Lamulungu ndi chikho m'manja, ndikanakuthamangitsa ndi sizasi. Koma wabwera pamene unali ndi chotaya. Tsono mvetsa malire ake. Mawu ndi anga, ndingathe kupatsa amene ndafuna. Nyimbo za malipenga si zanga, ndi za boma, ndipo mwini chilolezo ndi kingi wathu, Ada Longwe, amene makina ngati awa safuna n'kuwaona komwe. Ndiye nyimbo sindikuimbira. Ndikupatsa mawu okha, nyimbo upeke wekha. Koma tandiuza, khoswe uja amachokera kuti?"

Millicent anapukuta m'maso nafotokoza. Sampulo imodzi ikakokedwa pa makiyi onse imapunduka. Koma akajambula mawu aliwonse paokha, otsika pa kiyi yotsika, okwera pa kiyi yokwera, palibe chokoka, ndipo makiyi otsalawo angathe kuwatseka kuti asalire.

"Ngati kusoka," anatero telala uja. "Kabudula mmodzi sungaveke boma lonse. Ukufuna mawu angati?"

"Asanu ndi atatu, Ada. Koma chifuwa chanu..."

"Adokotala anandiletsa kuvina. Za kukhala pampando sananenepo."

Thumbiko anadzuka popanda womuuza. Anatseka mazenera onse, anathamangitsa mbuzi imene inkalira kuseli kwa holo, nabwera kudzagwira maikolofoni ndi manja awiri. Millicent anamuuza kuti aitalikitse pang'ono, chifukwa kamzere ka pa sikirini kakafika pofiira mawu amasweka. Anadikira lole ina imalize kukwera mtunda.

"Tisanayambe, ndipatse kiyi imodzi ya ine ndekha," anatero Ada Mphande. "Yoyambirira iyo."

Millicent anadina batani lofiira, nakweza chala.

"Ine ndine Henderson Mphande, telala, wa boma la Nyenyezi. Lipenga anandiphunzitsa ndi amalume anga, a Wonderful Chirwa, amene anagona kale. Mawu ali m'makinawa ndi anga. Ndampatsa Millicent Kachingwe chifukwa wapempha. Wina akawafuna, apemphenso."

Kenaka anayamba. Millicent ankaliza kiyi kuti amve msinkhu wa mawu, iwo ankaimbira m'lipenga, iye n'kujambula, kudula, kusunga. Anayi oyamba anayenda bwino. Pa achisanu chifuwa chinalowerera, ndipo anabwereza katatu. Thumbiko anathamangira kumpopi kukatunga madzi. Pa achisanu ndi chiwiri thukuta linali litanyowetsa kolala ya malaya awo.

Mawu omaliza anali okwera kuposa onse. Ada Mphande anakoka mpweya, natulutsa. Anali okongola, koma anaduka msanga ngati ulusi wovunda. Anayesanso, osatheka.

"Kale mawu amenewa ndinkawagwira mpaka ovina azungulire bwalo," anatero akupuma movutika. "Lero ndi amenewo. Pepa, mwana wanga, ndakupatsa chiguduli."

"Dikirani, Ada."

Millicent anavala mahedifoni. M'kabuku kaja anali atawerengamo za kulumikiza mapeto a sampulo ndi pakati pake, kuti mawu azizungulira osaduka. Poyamba pamfundopo pankamveka kugunda. Anasuntha kamzere pang'ono, namvetsera, nasunthanso, mpaka msoko unabisika. Thumbiko anatsegula mazenera chifukwa mu holo munatentha ngati mu uvuni.

"Dinani apa, musachotse chala," anatero Millicent.

Ada Mphande anadina. Lipenga linakwera, linadzaza holo, linatulukira pamazenera, ndipo silinaduke. Mwini wake anakhala kukamwa kuli kotseka, chifuwa chikukwera ndi kutsika, akumva mawu ake akuyenda ulendo umene iye anasiya kuutha kalekale. Anachotsa chala, navula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali ngakhale sanali akuda.

"Zaka khumi sindinawamve atafika pamenepo," anatero. "Chaka chino ndinkati ndikakhala pansi kuonerera anzanga, lipenga langa lidzakhala latha. Akuluakulu ananena zoona, mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kako usamang'ambirenso siketi. Tawonga, mwana wangu."

Millicent anafuna kunena zambiri: kuti anabwera ngati wakuba ndipo akubwerera ngati mwana wa pakhomo, kuti ngakhale asapambane Loweruka, tsiku limeneli sadzaliiwala. Koma Chichewa chonse chinamuthawa, ndipo anatsala ndi timawu tochepa tija timene ankatidziwa m'chilankhulo chawo.

"Tawonga ukongwa, Ada," anatero ali chogwada. Thumbiko naye anagwada.

"Ndidinenso kamodzi," anatero Ada Mphande, akumwetulira ngati mwana wapatsidwa njinga.

Mawu aja ali m'mwamba, pakhomo pa holo panaima munthu wamtali, wa imvi, ndodo yakuda ili m'khwapa. Thumbiko ananong'oneza Millicent kuti ameneyo ndiye Ada Longwe, kingi wa boma la Nyenyezi.

"Henderson," anatero kingiyo, "ndamva lipenga lako ndili pamsewu, ndipo ndakwera mtunda kuti ndidzakukalipire, poti adokotala anakuletsa. Ndafika, ndapeza lipenga lili pamiyendo, pakamwa pako potseka, koma iwe ukulirabe. Ndani wakulowetsa m'bokosimo?"

Millicent anadzuka. Nthawi ino analibe chobisa m'thumba.

"Ndine, Ada. Ndinapempha."

Kingi uja anayamba kuyenda kubwera kutsogolo, ndodo ikugogoda simenti. Ada Mphande sanachotse chala pa kiyi.